Papepalapo Panalibe Dzina

Msonkhano unali wa mpopi wa madzi basi. Mumsewu mwathu, kuseri kwa galaja, muli nyumba makumi awiri ndi zitatu, ndipo mpopi ndi umodzi, umenenso umatulutsa madzi ukafuna wokha. Bungwe lina linati likhoza kutiikira wachiwiri, koma tiyambe tapereka chiwerengero cha anthu okhala mumsewumo, ana angati, okalamba angati. A mlembi a komiti yathu, mphunzitsi wopuma pantchito amene mpaka lero sanavomereze kuti kalasi inawathera, anati zimenezo n'zosavuta. Zotsatira za kalembera wa chaka chatha zili pa intaneti, aliyense akhoza kuziona, ndipo anazigawa mpaka msewu ndi msewu. Anakasindikiza mapepala asanu ndi limodzi.

Tinakhala pa mabenchi mu shedi ya galaja Loweruka masana. Ine ndine telala, ndiye ndinabwera ndi diresi la kasitomala kuti ndizipinda m'munsi mwake, chifukwa misonkhano ya a mlembi ndimaidziwa kutalika kwake. Bambo anga anakhala kutsogolo, pa mpando wokhawo wokhala ndi choyedzamira. Mumsewu mwathu amawatcha a Zilembo. Kwa zaka makumi asanu akhala akulemba zikwangwani: cha galaja, cha wometa, cha butchala, cha sukulu ya mkaka, manambala a pa zitseko, ngakhale mawu a kumbuyo kwa malole. Ukaima pakona n'kuyang'ana msewu wathu, chilichonse chimene ungawerenge chinatuluka m'dzanja lawo.

A mlembi akanangotchula chiwerengero cha ana ndi okalamba n'kukhala pansi, bwenzi lero ndilibe chosimba. Koma ayi. Anavala magalasi n'kuyamba pepala loyamba, mzere ndi mzere, ngati akuitana mayina m'kalasi. Tinamva kuti tilipo anthu 131. Tinamva kuti zimbudzi zamadzi zilipo zinayi, anthu n'kufa nazo kuseka, chifukwa aliyense anadziwa kuti chachinayicho ndi cha wometa, chimene sichinagwirepo ntchito chichimangireni. Atati amayi amasiye alipo atatu, anthu anayamba kuwawerenga ndi maso pa mabenchi pomwepo. Anasanduka masewera. Nanenso ndinaseka nawo, ndisaname.

Kenaka anafika pa pepala lachinayi, la za maphunziro.

"Amuna a zaka 70 kupita m'tsogolo," anatero a mlembi, "alipo mmodzi."

"Ndi a Zilembo amenewo!" anafuula wometa. "Imani tikuoneni, madala, mwatchuka!"

Bambo anakweza chipewa, anthu n'kuwomba m'manja.

"Mwa amenewa, odziwa kulemba ndi kuwerenga..." A mlembi anaima kaye, n'kuyandikitsa pepala kumaso. Munthu wanzeru akanakhosomola n'kuudumpha mzerewo. Iwo anamaliza. "Ziro."

Mu shedi monse munangoti zii. Ngakhale makaniko amene ankagogoda chitsulo kuseri anasiya.

Amene anayamba ndi wometa, munthu wa pakamwa ngati chitseko chopanda loko. "Aa! Ndiye chikwangwani changa chija chimati chiyani, abale anga? Mwina zaka zonsezi ndakhala ndikuitana anthu kuti adzagule nkhumba!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ndinadzambatuka, diresi n'kugwa pansi, mapini mbwee pa simenti.

"A mlembi, mwawerenga bwino inu?"

"Ndawerenga zimene zalembedwa, mayi. Komanso musapse mtima, apa palibe dzina la munthu."

"Palibe dzina? Mumsewu muno amuna a zaka 70 alimo angati? Mukufuna alembenso saizi ya nsapato zawo kuti mudziwe kuti ndi bambo anga?"

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera kubwereza. Nkhani ya mpopi inathera pomwepo. Bambo anadzuka pa mpando wawo. Anavala chipewa chawo n'kutuluka pang'onopang'ono, ngati munthu amene wangokumbukira kuti wasiya kanthu pamoto.

Pofika Lolemba, a Zilembo anali atasanduka a Ziro. Palibe ankawatchula choncho pamaso, koma msewu wathu ndi wopapatiza, ndipo makina anga osokera ali pakhonde. Ndinkamva zonse. Kwa wometa nkhani inali imeneyo kuyambira m'mawa, aliyense wokhala pa mpando ankametedwa tsitsi n'kupatsidwa nkhani yaulere. Lachitatu mwini sitolo yatsopano ya mankhwala anabwera kudzatenga thabwa lake limene Bambo anali atalipaka kale penti woyera. Anati waganiza zokalembetsa pa makina, poti mayina a mankhwala ndi ovuta, munthu akhoza kuphonya. Zaka makumi asanu Bambo sanaphonyepo chilembo ndi chimodzi chomwe! Ndinamuponyera thabwalo kumapazi, ndipo ndimadandaula kuti silinamuphwanye chala.

Bambo anasiya kutsegula kachipinda kawo kogwirira ntchito. Maburashi anauma m'chitini. Ankakhala pa mpando kuseri kwa nyumba, kuyang'ana khoma la mpanda ngati pali kanema.

"Bambo, bwanji osatuluka n'kukawatseka pakamwa anthu amenewa?"

"Zisiye, mwanangu."

"Ndizisiye bwanji? Dzina lanu likugubuduzika m'matope inu muli phee!"

"Zidzatha zokha."

Palibe mawu amene amandiyabwa ngati amenewo. Ine ndinalibe chikaiko ngakhale pang'ono. Ndinakula ndikuwaona Bambo akutsegula makope anga a kusukulu, n'kumaloza ndi chala kuti chilembo ichi chapendama, ichi mimba yakula, lembanso. Kasitomala aliyense ankamuuza kuti, "Lembani nokha papepala zimene mukufuna, mawa tisadzakangane," ndipo ine ndinkati nzeru za pa ntchito ndi zimenezo. Munthu wa zilembo zokongola kuposa za aphunzitsi anga onse angakhale bwanji wosadziwa kuwerenga? Ndinafufuza kwa oyandikana nawo nyumba, ndipo anandiuza kuti mayi wa kalembera anafika kwathu tsiku limene ine ndinapita kukagula nsalu. Anawapeza Bambo okha. Akuti mayiyo anali ndi zikhadabo zazitali zopaka. Basi, mlandu ndinauweruza pomwepo: chikhadabo chinadina polakwika pa tabuleti yake, ndipo bambo anga ndi amene akulipira ulesi wake.

Lachisanu ndinatseka makina n'kupita ku ofesi ya kalembera. Ndinadikira pa benchi maola awiri, pansi pa fani yongozungulira osatulutsa mphepo. Mayi wa pa kauntala anamvetsera nkhani yanga akutafuna chingamu, kenaka n'kundiuza mawu omwe aja a mlembi, ngati anachita kupangana.

"Koma mayi, ife sititulutsa mayina a anthu."

"Mukandiuzanso za mayina, ndikwera pa kauntala pano," ndinatero. "Mwamuvula munthu pagulu, ndiye mukuti palibe vuto poti mwamusiyira chipewa?"

Anameza chingamu chija, kapena anachibisa kutsaya, sindikudziwa. Anati dandaulo lotere amalimva ndi bwana wa ziwerengero, ndipo mwini wake wa nkhaniyo ayenera kubwera yekha. Anandipatsa tsiku la Lachiwiri, 10 koloko m'mawa.

Bambo anakana. Anakana Loweruka, anakana Lamulungu. Lolemba ndinawachapira shati yoyera, n'kusita jekete lawo, n'kulipachika pa chitseko pamene sakanatha kulilambalala.

"Mwanangu, khala pansi kaye," anatero madzulo ake ndikupukuta nsapato zawo. "Pali zinthu zina zimene..."

"Palibe zinthu zina, Bambo. Mtima wanu wabwinowu ndi umene anthu akukukwererani nawo pamutu. Amayi akanakhala moyo sakanalola zimenezi. Ngati simupita mawa, ine ndinyamula makina anga ndisamuke, sindingakhale mumsewu umene akukutchulani Ziro."

Kenaka anati, "Chabwino."

Paja amati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine sindinalekere pomwepo. Ndinaganiza kuti pakamwa pamene panafalitsa bodza ndi pomwe payenera kufalitsa zoona, ndiye ndinapita kwa wometa. Ndinamupeza akutsuka makina ake ndi sipiriti.

"Mawa mutseke. Mukupita nafe ku ofesi, mukadzionere nokha ndi maso anuwo, kenaka mudzauze aliyense amene munamunamiza."

"Aa, achemwali, ine zija zinali nthabwala chabe."

"Nthabwala zake zatithawitsira kasitomala. 8 koloko pa siteji. Mukapanda kubwera, ndidzakutengani ndi khutu."

A mlembi nawonso ndinawaitana, abwere ndi pepala lawo lachinayi lija.

M'mawa mwake Bambo atawaona awiriwo ataima pa siteji, anaima chilili pakati pa msewu. Anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinawagwira mkono n'kuwakoka, ndikumva kukoma mumtima ngati munthu wopita kukalandira mphotho. M'basi wometa anayesa kuyambitsa nkhani ya mpira, palibe anamuyankha.

Bwana wa ziwerengero anali bambo wamfupi, wadazi, wolankhula motsitsa. Mu ofesi mwake munali mapu aakulu kukhoma ndi mafailo mpaka pawindo. Mipando inali iwiri yokha, ndiye anakhala ndi Bambo ndi a mlembi, ine ndi wometa tinaimirira. Ndinayala nkhani yonse kuyambira mu shedi mpaka kwa mwini sitolo ya mankhwala, osapuma. Bwanayo anatenga pepala kwa a mlembi, n'kuliyang'ana, n'kutsegula kompyuta yake. Nkhope yake inasintha.

"Apa tinalakwitsa ndife," anatero. "Lamulo lathu ndi loti nambala ikachepera asanu, tiziibisa, chifukwa m'dera laling'ono anthu amadziwana. Pepala ili silinayenera kutuluka chonchi. Bambo, mutikhululukire. Tilichotsa pa intaneti lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

Bambo anapumira m'mwamba. Ndinawaona mapewa akutsika, n'kuyamba kufunafuna chipewa pa bondo kuti adzuke. "Zikomo, bwana," anatero. "Zatha. Tiyeni, mwanangu."

Pamenepo ndiye panali potulukira, khomo lili pululu. Munthu wina aliyense akanathokoza n'kumapita. Koma ine mkwiyo wa masiku khumi unali usanapeze pogwera, ndipo kupepesa kwa bwanayo kunangondiwonjezera moto. Anthu awa amatenga zinsinsi za m'nyumba za anthu, n'kuzimwaza padziko lonse, kenaka n'kuti pepani ngati akupondani chala m'basi.

"Kuchotsa kokha ayi," ndinatero. "Msewu wonse unamva kale. Mukachotsa, anthu adzati mwabisa poti ndi zoona. Mukonze. Pamene munalemba ziro mulembepo wani, musindikize, mudinde chidindo, a mlembi awa akawerenge pa msonkhano mokweza ngati mmene anachitira poyamba."

Bwanayo sanandiyang'ane ine. Anayang'ana Bambo, kanthawi ndithu, kenaka n'kutsitsa maso pa tebulo. "Mayi," anatero mofatsa, "ndikuona kuti kuchotsa n'kokwanira."

"N'kokwanira kwa inu! Mukuteteza wantchito wanu wa zikhadabo uja. Mukufuna umboni? Umboni tabwera nawo."

Pa tebulo panali timapepala tofotokoza za kalembera, ta zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wa maso ofooka aone. Ndinatsomphola kamodzi n'kukaika m'manja mwa Bambo.

"Bambo, awerengereni. Mokweza. Awa ometawa amve bwino."

Bambo anakagwira ndi manja awiri. Anakayang'ana. Wotchi ya kukhoma inkamveka. A mlembi anatsokomola.

"Amene anajambula izi ali ndi dzanja labwino," anatero Bambo potsiriza, chala chikuyenda pa mzere woyamba. "Taonani mmene miyendo ya chilembo ichi yaimira mofanana. Koma apa anapanikiza, mpata wachepa."

"Bambo, sitinabwerere zimenezo. Werengani!"

Ndinakuwa. Ndinawakuwira bambo anga ondibereka, pamaso pa anthu atatu, ngati mwana wa sukulu amene sanalembe homuweki.

Anakaika kapepala kaja pa tebulo, n'kukasalaza ndi chikhatho kuti kasapindike.

"Sindingathe, mwanangu."

"Magalasi? Mwaiwala magalasi? A mlembi, abwerekeni anu."

"Si magalasi. Mayi uja sanadine polakwika. Ndinamuuza ndine."

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Zilembo ndimazidziwa nkhope zokha," anapitiriza, akulankhula ndi tebulo. "Ndimadziwa kuti ichi chimaima chonchi, ichi chimapinda chonchi. Zikakumana zimanena chiyani, sindinaphunzire. Ndinayamba kugwira burashi ndili wamng'ono, kwa bwana wina amene ankangondipatsa pepala kuti kopera. Ndinakopera, anthu n'kuyamikira, ndiye ndikanauza ndani? Amayi ako ankadziwa. Madzulo ankandiwerengera mapepala a makasitomala, kuti ndidziwe chimene ndikulemba."

"Nanga munamuuziranji mlendo?" ndinafunsa. "Bwanji simunangoti eya?"

"Anandilonjeza kuti palibe adzadziwe. Anati zimakalowa m'makina, zimasanduka manambala." Anasisita chipewa pa bondo. "Chimwalirireni amayi ako, zaka zisanu ndi zitatu, panalibe munthu ndi mmodzi yemwe padziko pano amene ankadziwa. Chimalemera chinthu chimenecho. Mayi uja anandifunsa maso ndi maso, moyo wanga wonse palibe anandifunsapo. Ndinangofuna kuti ndinene kamodzi, kwa munthu woti sindidzamuonanso."

"Mukanandiuza ine, Bambo."

"Dzulo ndinayesa."

Bwana wa ziwerengero ankasuntha mafailo opanda chifukwa. A mlembi anavula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi, kuwapukuta, kuwapukutabe. Wometa, amene chibadwire sanasowepo chonena, ankayang'ana mapu a kukhoma ngati akufuna malo oti asamukireko.

Ndinakwiya nthawi imeneyo kuposa tsiku la mu shedi, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero. Ndimakwiyira ofesi ija, imene inatuma munthu kukagogoda pa khomo la nkhalamba ndi lonjezo limene sinathe kulisunga. Ndimakwiyira a mlembi ndi kuwerenga kwawo kosadziwa poima. Koma onsewo analasa mumdima, osadziwa amene akumulasa. Ine ndinachita kusita jekete, kupukuta nsapato, n'kuitana mboni.

Bambo anadzuka, n'kuvala chipewa, n'kugwirana chanza ndi bwanayo. Pakhomo anaima n'kundiyang'ana. Sanakweze mawu, bola akanandikalipira.

"Kumsewu kuja ambiri ankati makina ndi amene analakwitsa," anatero. "Butchala anabwera kudzandiuza choncho. Amayi a sukulu ya mkaka nawonso. Zikanatha zokha."

Tinatsika masitepe mmodzimmodzi, Bambo patsogolo. Panja dzuwa linali litakwera, magalimoto akulizirana mahutala. Wometa anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Achemwali, ine sindinamve kanthu," ndipo ndikhulupirira kuti ankanena kuchokera pansi pa mtima. Koma ndimamudziwa. Akanapirira tsiku limodzi, mwina awiri.

Pa depoti panali mabasi ambiri a mtundu umodzi, ondondozana, iliyonse ndi chikwangwani chake pagalasi lakutsogolo. Tinaima anayi pa mzere. Basi ina inakhota n'kuima patsogolo pathu, chitseko n'kutseguka. Bambo anakweza maso n'kuyang'ana chikwangwani chake, monga ndawaonera akuchita moyo wanga wonse, kenaka anatembenuka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti ndi yathu.

Maso awo anandidutsa ngati pamene ndaimapo palibe munthu. Anagwira wometa pa mkono.

"Achimwene," anatero mokweza, anthu onse a pa mzere akumva, "tandiwerengereni. Yalembedwa kuti ikupita kuti iyi?"